MAI MONICA A KU THAGASTE: MKAZI, MAI NDI GOGO WOSATOPA NDI PEMPHERO

Mau amene Mlembi wa Chigwirizano cha Amai analankhula pa tsiku la chikondwerero



Za ndalama mwamva kale kwa amai osunga chuma, ndipo za odwala amene tinawayendera ndi maliro amene tinathandiza mwamvanso. Ife tapatsidwa mbali ina. M'mapemphero athu a sabata ndi sabata muli pempho limodzi limene silisowa. Mai wina aimirira nati, mundipempherereko amuna anga. Wina ati, mwana wanga analeka kupemphera. Winanso ati, mdzukulu wanga wayamba mowa. Ena mwa ife tapereka pempho lomwelo zaka zambiri, kotero kuti tsopano tichita manyazi kulitchulanso, ndipo enanso mitima inafooka nangokhala chete. Chifukwa chake tinagwirizana kuti lero tikumbukire moyo wa mai mmodzi amene anasenza katundu yemweyu pa amuna ao, pa mwana wao ndi pa mdzukulu wao, osamtula kufikira tsiku la imfa yao. Dzina lao ndi Mai Monica.

KWAO NDI UBWANA WAO

Mai Monica anabadwa cha m'chaka cha 331 m'tauni yaing'ono ya Thagaste, kumpoto kwa Africa. Tauniyo lero imatchedwa Souk Ahras, m'dziko la Algeria, ndipo masiku amenewo dera lonselo linali m'manja mwa Aroma. Taonani amai, ameneyu ndi mai wa mu Africa muno, amene anabadwira m'nyumba ya Chikristu zaka zoposa 1,500 amishoni asanafike ku Magomero mu 1861. Mbiri yao tiidziwa chifukwa mwana wao Augustine anailemba m'buku lake lotchedwa Confessions, patapita zaka ngati khumi mai akewo atamwalira.

M'nyumba ya makolo ao munali mai wina wokalamba wantchito, amene kale anaberekako kumbuyo bambo a Monica ali khanda. Gogo ameneyu ndiye ankalera atsikana a m'nyumbamo, ndipo anali wamwambo kwambiri. Sankawalola kumwa ngakhale madzi pa nthawi yosakhala ya chakudya. Ankawauza kuti lero angomwa madzi chifukwa vinyo sanamlamulire, koma akadzakwatiwa nagwira makiyi a mosungira zinthu, madzi adzawanyoza, pamene chizolowezi cha kumwa-imwa chidzakhala chiripobe.

Mau a akulu akoma akagonera. Monica atasinkhuka, makolo ake ankamtuma kukatunga vinyo mu mbiya yaikulu. Poyamba ankangolawa ndi nsonga ya milomo, mwachibwana chabe. Tsiku ndi tsiku anaonjezako pang'ono, kufikira anayamba kugugudiza chikho chathunthu, makolo osadziwa kanthu. Tsiku lina anakangana ndi mtsikana wantchito amene ankapita naye kumbiyako, ndipo mtsikanayo muukali anamtcha kachidakwa. Mau amenewo anamlasa mumtima, naleka pomwepo. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akutsine ali wokwiya. Nkhani iyi Monica sanaibise, anamfotokozera yekha mwana wake. Ife amai timakonda kuonekera kwa ana athu ngati anthu amene sitinapunthwepo chibadwire. Mai Monica anaona kuti mwana athandizidwa koposa akadziwa dzenje limene mai ake anatsala pang'ono kugweramo.

PA BANJA

Atakula anawakwatitsa kwa Bambo Patricius, mmodzi wa makhansala a tauni ya Thagaste. Bamboyu anali ndi kamunda ndi chuma chochepa, ndipo sanali Mkristu. Anali munthu wa mtima wabwino masiku ena, koma waukali woopsa, ndiponso sanali wokhulupirika pa banja. Mai Monica anabereka naye ana, ndipo amene timva mbiri yao ndi atatu: Augustine amene anabadwa pa 13 November 354, mbale wake Navigius, ndi mlongo wao amene atafedwa mwamuna anadzakhala mtsogoleri wa nyumba ya amai odzipereka kwa Mulungu ku Hippo.

Kodi anakhala bwanji ndi mwamuna wotere? Bambo akapsa mtima, Mai Monica sankabwezera, kapena ndi mau kapena ndi machitidwe. Ankadikira mpaka mtima wa bambo utatsika, ndipo pamenepo ankafotokoza bwino-bwino chifukwa chimene anachitira chinthu chakuti. Sanali mai wongomeza nkhani. Ankainena ndithu, koma ankadziwa nthawi yoinenera. Amai anzao a m'tauniyo, amene ambiri anali ndi zipsera kumaso ngakhale amuna ao anali ofatsa kuposa Patricius, ankadabwa kuti sanamvepo kuti Monica wamenyedwa, kapena kuti m'nyumbamo mkangano wagonera tsiku lathunthu.

Pano tiyenera kulankhula mosabisa, pakuti ambiri a ife ndife alangizi. Mai Monica ankauza amai omenyedwawo kuti asamale malilime ao, chifukwa masiku amenewo mkazi ankayesedwa ngati wantchito wa mwamuna wake. Ife titengepo nzeru ya kudziwa nthawi yolankhula, koma tisatengepo kuti mai womenyedwa ndiye wolakwa. Kumenya mkazi ndi tchimo pamaso pa Mulungu, ndiponso ndi mlandu m'dziko lathu, limene linakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006. Mwana wa mnzathu akabwera kwa ife diso litatupa, tisambweze ndi mau akuti banja ndi kupirira. Timperekeze kwa ankhoswe, kwa akulu a mpingo, ndipo ngati moyo wake uli pangozi, timperekeze ku polisi. Kupirira kumene tikuyamika lero ndi kupirira m'pemphero ndi m'chikondi, osati kudikira kuti atinyamule m'bokosi.

Panalinso apongozi. Mai ao a Patricius ankakhala nao pakhomo pomwepo, ndipo poyamba ankamuda mtengwa wao chifukwa cha manong'onong'o a atsikana antchito. Mai Monica sanaleke kuwalemekeza ndi kuwatumikira, kufikira apongoziwo anazindikira okha kumene moto unkachokera. Iwo eni ake anakaneneza atsikanawo kwa mwana wao, nachenjeza kuti aliyense wobwera ndi mijedo ya mtengwa wao adzalangidwa. Kuyambira pamenepo awiriwo anakhala mokondana.

Mphatso ina imene anali nayo, amai anzathu, ndi imene tiisowa kwambiri m'chigwirizano muno. Amai awiri akadana, aliyense ankabwera kwa Monica kudzakhuthula zowawa zonse za mnzake. Monica ankamva zonse, koma popita kwa winayo sankanyamula mau opweteka, ankangotenga okhawo amene angathe kuwayanjanitsa. Tidzifunse tokha, kodi ndi maubwenzi angati amene anatha pa mpingo pano chifukwa wina ananyamula mau kuchoka nao pa mtondo kupita nao ku chitsime?

Mapeto ake Bambo Patricius analowa kalasi, nabatizidwa atatsala pang'ono kumwalira, cha m'chaka cha 371. Pamenepo Augustine anali ndi zaka ngati 17. Werengani nokha zaka zimene mai ameneyu anapita ku tchalitchi yekha, amuna ao atatsala kunyumba. Anatsala wamasiye ali ndi zaka ngati 40, ndipo sanakwatiwenso.

MWANA WANZERU AMENE ANASOKERA

Augustine anali mwana wanzeru zodabwitsa. Makolo ake anadzimana kuti aphunzire, poyamba ku Madaura, pambuyo pake ku mzinda waukulu wa Carthage, mothandizidwa ndi munthu wina wachuma wa kwao dzina lake Romanianus. Mai ake anamphunzitsa dzina la Yesu ali wamng'ono, ndipo anamlangiza kolimba kuti apewe chiwerewere, makamaka akazi a eni. Iye analemba yekha kuti malangizowo anawayesa nkhani za amai, zimene mnyamata angachite manyazi kuzimvera.

Ku Carthage anatenga mkazi wosamkwatira mwa dongosolo, ndipo mu 372 anabereka naye mwana wamwamuna, namutcha Adeodatus, kutanthauza kuti wopatsidwa ndi Mulungu. Motero Mai Monica anakhala gogo. Chaka chotsatira, mu 373, Augustine analowa chipembedzo cha anthu otsata Mani, munthu wa ku Persia. Anthu amenewa ankaphunzitsa kuti kuli mphamvu ziwiri zolimbana, ya kuunika ndi ya mdima, ndi kuti munthu akachimwa wachimwa si iye koma mdima umene uli mwa iye. Ankanyozanso Chipangano Chakale. Augustine anakhala m'menemo zaka 9, nakoperamo anzake ambiri popeza anali wodziwa kulankhula.

Atabwerera ku Thagaste, mai ake anamkaniza kulowa m'nyumba ndi kudya nao pamodzi. Ambiri a ife tikanachita chomwecho. Koma usiku wina analota ataimirira pa thabwa loongoka, longa rula ya amisiri, ali kulira. Mnyamata wowala anawafunsa chimene ankalirira, ndipo atayankha kuti alirira kutayika kwa mwana wao, anawauza kuti ayang'ane bwino. Poyang'ana anaona mwana wao ali chiriri pa thabwa lomwelo pambali pao. Atamfotokozera Augustine, iye anayesa kupotoza lotolo kuti litanthauza kuti mai ake ndiwo adzalowe chipembedzo chake. Mai Monica, amene sanapite ku sukulu zapamwamba, anamyankha nthawi yomweyo kuti sanauzidwe kuti iwo adzapita kumene kuli mwana, koma kuti mwana adzabwera kumene kuli iwo. Augustine anavomera pambuyo pake kuti yankho limenelo linamgwedeza koposa loto lenilenilo. Kuyambira pamenepo anamtsekulira chitseko nayambanso kudya naye. Chiphunzitso chake sanachivomere, koma mwanayo sanamtaye.

Anapitanso kwa bishopu wina kukamdandaulira kuti akambirane ndi mwana wao. Bishopuyo, amene nayenso anakulira m'chipembedzo cha Mani nachitulukamo yekha, anakana. Anati mnyamatayo sanafike pomva, popeza chiphunzitsocho chikali kumkomera, ndipo kunali bwino kumleka ndi kumpempherera. Mai Monica anaumirira ndi misozi kufikira bishopuyo anatopa nao, nawauza kuti apite, pakuti mwana woliridwa chotere sangatayike. Iwo analandira mauwo ngati achokera kumwamba.

USIKU WA PA DOKO

Tsono timve chimene chinachitika mu 383, pakuti apa ndi pamene pagona phunziro lathu la lero. Augustine anafuna kuoloka nyanja kupita ku Roma kukaphunzitsa. Mai ake anamtsata mpaka pa doko la Carthage, namgwira kuti abwerere kunyumba, kapena apite nao limodzi. Iye anawanamiza kuti angoperekeza mnzake amene ankadikira mphepo yabwino, nawanyengerera kuti akagone m'kanyumba ka mapemphero kokumbukira Cyprian, kamene kanali pafupi ndi nyanja. Usiku umenewo mai ali kupemphera ndi kulira kuti Mulungu asalole mwana wao kuchoka, mphepo inaomba, chombo chinanyamuka. Kutacha anapeza pa doko pali zii.

Amai anzathu, taganizani mtima wa mai ameneyu m'mawa umenewo. Anapemphera usiku wonse, ndipo chimene anachikana ndicho chinachitika. Mwana wao anawanamiza, ndipo kunaoneka ngati Mulungu watseka makutu. Augustine analemba kuti mai ake anamdzudzula chifukwa cha bodza ndi nkhanza yakeyo, ndipo atatero anabwerera kunyumba nayambanso kumpempherera.

Koma taonani njira za Mulungu. Ulendo umene mai ankaukana ndi umene unamfikitsa Augustine ku Roma, ndipo mu 384 ku Milan, kumene anapatsidwa ntchito yaikulu yophunzitsa luso la kulankhula. Ku Milan kunali Bishopu Ambrose, mlaliki wamphamvu. Augustine anayamba kupita ku tchalitchi kukangomvera kalankhulidwe kake, koma pamodzi ndi mau okoma choonadi chinayamba kulowa. Iye mwini anadzaona kuti Mulungu anakana chimene mai ake anapempha usiku umodzi uja, kuti awapatse chimene ankapempha masiku onse. Chombo chikanapanda kunyamuka, mwanayo sakanakomana ndi Ambrose.

KU DZIKO LA ENI

Mu 385 Mai Monica, ali ndi zaka zoposa 50, anakwera chombo kumtsata mwana wao. Panyanja panauka namondwe, ndipo iwo ndiwo ankalimbitsa mitima ya amalinyero, amene kawirikawiri ndiwo alimbitsa apaulendo. Atafika ku Milan anamva kuti Augustine wachoka kwa anthu a Mani, ngakhale sanakhale Mkristu. Sanalumphe ndi chimwemwe, anangomuuza modekha kuti akhulupirira kuti asanamwalire adzamuona ali Mkristu.

Ku Milan anapeza miyambo ina. Kwao ku Africa anazolowera kupita ndi phala, buledi ndi vinyo pang'ono ku manda a ofera chikhulupiriro. Atapita nazo ku Milan, mlonda wa pakhomo anawabweza, nati bishopu analetsa chifukwa ena ankaledzera nazo, ndiponso zinkafanana ndi miyambo yachikunja. Mai Monica anamvera osanyinyirika, nayamba kupereka zimene anali nazo kwa osauka. Ife tikasamukira ku mpingo wina, kapena mtsogoleri watsopano akasintha kanthu kakang'ono, timati kwathu sitichita chotere, mwina mpaka kuleka kusonkhana. Mai uyu anadziwa kusiyanitsa mwambo ndi Mwini mpingo.

Mu 386 Justina, mai wa mfumu Valentinian, anafuna kulanda tchalitchi china kuti apatse anthu okana kuti Yesu ndi wolingana ndi Atate. Akristu anagona m'tchalitchimo usana ndi usiku pamodzi ndi bishopu wao, asilikali atazinga kunja, ndipo ankaimba nyimbo ndi masalmo kuti asafooke. Mai Monica, mlendo wochokera kutsidya la nyanja, anali patsogolo pa ochezerawo.

Komabe tisawayese mngelo. Pali chinthu chimodzi chimene chitiwawa tikamawerenga. Mai Monica anafunitsitsa kuti mwana wao akwatire mwa dongosolo mkazi wolingana ndi udindo wake, ndipo anampezera mtsikana amene anali asanafike msinkhu, woti amdikire zaka ziwiri. Chifukwa cha ichi mai wa Adeodatus, amene anakhala ndi Augustine mokhulupirika zaka zoposa khumi, anabwezedwa ku Africa, mwana wake natsala ku Milan. Anapita atalumbira kuti sadzadziwanso mwamuna wina. Augustine analemba kuti mtima wake unang'ambika nuchucha mwazi, ndipo posakhoza kudikira anatenganso mkazi wina. Ukwati wokonzedwa uja sunachitike konse. Apa nzeru za mai zinabala misozi ya mai mnzao. Amai, mwana wathu wamwamuna akapereka pathupi kwa mtsikana wa pa banja losauka, timatani? Kodi sitithamangira kuteteza sukulu ndi ulemu wa mwana wathu, mtsikana uja ndi kumuiwala? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mulungu amene anamva kulira kwa Monica anaonanso misozi ya mai uja pa chombo chobwerera ku Africa.

GOGO NDI MDZUKULU

M'mwezi wa August 386, Augustine ali m'munda wa nyumba imene ankakhala, atalimbana kwambiri mumtima mwake, anatsekula kalata ya Paulo kwa Aroma nawerenga mutu 13, ndime 13 ndi 14. Pomwepo anadzipereka kwa Kristu, pamodzi ndi mnzake Alypius. Munthu woyamba amene anapita kukamuuza anali mai ake.

Atasiya ntchito, onse anapita kukapuma ku mudzi wa Cassiciacum, kunja kwa Milan. Kumeneko Mai Monica ankasamala nyumba yonse, ana ao, mdzukulu wao ndi ophunzira, monga ngati onse anawabala okha. Ndiponso sankangokhala ku khichini. Pa 13 November 386, tsiku limene Augustine anakwanitsa zaka 32, anthu ophunzirawo ankakambirana kuti munthu wodala ndi wotani. Atafunsa ngati munthu wopeza zonse zimene afuna ali wodala, gogoyu anayankha kuti ali wodala ngati zimene afunazo ndi zabwino, koma ngati ndi zoipa ali watsoka ngakhale azipeze. Augustine anakondwa nati mai ake afika pa nsonga peni-peni pa nzeru imene anthu a mabuku aifunafuna. Pamene anafunsana kuti ndani ali ndi Mulungu, mnyamata Adeodatus, wamng'ono mwa onse, anati ndi munthu amene alibe mzimu wonyansa, ndipo agogo ake anayamika yankho limenelo koposa ena onse.

M'mera mpoyamba. Mnyamata amene mai ake anachotsedwa, amene anabadwa kunja kwa ukwati, anapeza pofikira m'manja mwa agogo ake. Ambiri muno tikulera zidzukulu. Ena makolo ao anatisiya ndi matenda, ena ali ku Joni kapena m'tauni kofuna ntchito, enanso anabadwira pakhomo pathu bambo ao osaoneka. Pa msinkhu umene tinkayesa kuti tidzapuma, tayambanso kuphika phala ndi kufuna fizi. Ntchito imeneyi si yaing'ono pamaso pa Mulungu. Paulo polembera Timoteo anatchula agogo ake Loisi poyamba, asanatchule mai ake Yunike.

Usiku wa Pasaka, pa 24 April 387, Bishopu Ambrose anabatiza Augustine, Alypius ndi Adeodatus amene anali ndi zaka ngati 15. Mwana ndi mdzukulu analowa m'madzi usiku umodzi. Kuchokera mu 373 pamene Augustine anasokera kufikira usiku umenewo panapita zaka 14. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

IMFA YAO

Chaka chomwecho ananyamuka kubwerera kwao ku Africa, naima pa doko la Ostia, pafupi ndi Roma, kudikira chombo. Tsiku lina mai ndi mwana anatsamira pa zenera loyang'ana kumunda, nakambirana nthawi yaitali za moyo wosatha. Potsiriza Mai Monica anati palibenso chimene chiwakondweretsa pansi pano, pakuti chinthu chimodzi chimene ankafunira kukhala ndi moyo, ndicho kuona mwana wao ali Mkristu, Mulungu anawapatsa mosefukira.

Patapita masiku ngati asanu anagwidwa ndi kutentha thupi. Kale anali atakonzeratu manda ao ku Thagaste pambali pa amuna ao, ndipo ankaganizapo kwambiri, monga ifenso tifuna kukagona kumudzi pakati pa abale. Navigius anadandaula kuti mai ake asafere ku dziko la eni. Koma iwo anamdzudzula, nauza ana aowo kuti aike thupi lao pali ponse osavutika nalo, angowakumbukira pa guwa la Ambuye kuli konse kumene adzakhale. Kwa ena amene anawafunsa ngati saopa kuikidwa kutali ndi kwao, anayankha kuti kwa Mulungu kulibe kutali, ndipo Iye sadzasokera pofuna kuwaukitsa tsiku lomaliza. M'masiku omwewo anayamika Augustine kuti sanamvepo mau achipongwe otuluka m'kamwa mwake kunena iwo. Za bodza la pa doko sanazitchule.

Anamwalira tsiku la chisanu ndi chinai la kudwala kwao, ali ndi zaka 56. Amene anayamba kulira mokweza anali mdzukulu uja Adeodatus. Mnzao Evodius anatenga buku la Masalmo nayambitsa Salmo 101, nyumba yonse ndi kuvomera. Anawaika ku Ostia komweko.

Mai Monica sanaone zipatso zonse za mapemphero ao. Adeodatus anamwalira akali mnyamata, patangopita zaka zowerengeka. Augustine anadzozedwa unsembe ku Hippo mu 391, pambuyo pake nakhala bishopu wa mzindawo, umene lero ndi Annaba ku Algeria, kufikira imfa yake pa 28 August 430. Mabuku ake aphunzitsa mpingo zaka zoposa 1,500. Martin Luther anali wa chipani cha ansembe chotchedwa ndi dzina la Augustine, John Calvin anatsamira kwambiri pa zolemba zake, ndipo Papa Leo XIV amene anasankhidwa mu 2025 anachokera m'chipani chomwecho. Abusa a mipingo yosiyanasiyana amaphunzira za iye ku sukulu zaubusa. Mafupa a Mai Monica anawasamutsira ku Roma mu 1430, ndipo mu 1945 anyamata awiri a ku Ostia, pokumba dzenje loti aimikepo mtengo wa masewero a mpira, anafukula chidutswa cha mwala wa pa manda ao.

TITENGEPO CHIYANI?

Choyamba, tisatseke chitseko. Tinganene poyera kuti njira imene mwana watenga ndi yoipa, koma mbale yake ya nsima ikhalepo. Mwana wothamangitsidwa apita kwa omwewo amene anamsokeretsa.

Chachiwiri, Mulungu akakana pempho la lero tisanene kuti watitaya. Mwina ena muno muli pa doko m'mawa uno: munapemphera kuti mwana asapite, wapita, munapemphera kuti banja lake lisathe, latha. Sitingakulonjezeni kuti zidzatha monga zinathera kwa Monica, kapena kuti mudzaziona ndi maso anu. Chimene tinganene ndi chakuti chombo chija chinali m'manja mwa Mulungu ngakhale mai anali kulira pa gombe.

Chachitatu, pofuna zabwino za ana athu tisapondereze ana a anzathu, ndipo polangiza za kupirira tisabwezere munthu ku imfa.

Chachinai, tithandizane kusenza. Monica anapita kwa bishopu wa kwao, anapitanso kwa Ambrose, sanabise chilonda chao. Chifukwa chake tikupemphani, inu amene munaleka kutchula dzina la amuna anu, la mwana wanu kapena la mdzukulu wanu chifukwa cha manyazi, mubwere nalonso pa msonkhano wathu ukudzawu. Palibe amene adzati, kodi nkhani yomwe ija? Ndipo ife amene tidzalimva, tilitengere kwa Mulungu yekha, osati ku chitsime.

Ambuye adalitse mabanja athu, adalitse Chigwirizano chathu m'zaka zikudzazi, ndipo atipatse mitima yosatopa.